Apudeti Ikabwera, Pulagini Imaferanji?

(NYIMBO YOTSEGULIRA. IZILALA PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Nkhani yathu lero amaidziwa bwino anthu awiri: amene anapatsidwa udindo wosamalira webusaiti ya mpingo, sukulu kapena bungwe, ndi amene amachezera m'situdiyo kukonza nyimbo pakompyuta. Onsewa dandaulo lawo limakhala limodzi. Amati, "Dzulo zimagwira bwinobwino, lero zakana, koma ine sindinakhudze kalikonse." Mukafufuza mumapeza kuti munthuyo sakunama. Iye sanakhudzedi, koma pulogalamu inalandira apudeti usiku, ndipo timapulogalamu tina tomwe tinkadalira pulogalamuyo tatsala m'malere.

Tiyambe n'kumvetsetsa timapulogalamu timeneti. Eni ake a Chrome, Firefox, WordPress kapena FL Studio sangathe kuikamo chilichonse chimene munthu aliyense padziko angafune. Ndiye amasiya mipata yoti anthu ena apadera alembe zowonjezera zolowa m'menemo. Pa browser zimatchedwa ma extension, pa WordPress ndi m'situdiyo timati mapulagini. Ina imatsekereza zotsatsa malonda, ina imaika fomu yolembetsera ana asukulu, ina imakometsa mawu a woimba. Wolemba pulagini nthawi zambiri sagwira ntchito kukampani imene inapanga pulogalamu yaikuluyo. Mwina ndi kakampani ka anthu atatu, mwina ndi munthu mmodzi amene amalemba madzulo akaweruka kuntchito, osalandirapo kanthu.

Munthu wotereyu ali ngati wa lendi amene wakhoma mashelefu pakhoma la nyumba ya eni. Tsiku limene landilodi waganiza zogumula khomalo kuti akulitse chipinda, sikuti amadana ndi mashelefu ayi, koma mashelefuwo agwa basi.

Pakati pa pulogalamu yaikulu ndi pulagini pamakhala pangano limene akatswiri amalitchula kuti API. Panganolo limati: ukandipempha chakuti m'njira yakuti, ine ndidzakuyankha motere. Apudeti ikasintha njira yopemphera, kapena ikachotseratu chinthu chimene pulagini inkapempha, pulaginiyo imaitana koma palibe woyankha. Ndipo vuto silithera pa zolembedwa m'pangano zokha. Katswiri wina amene ankagwira ntchito ku Google, Hyrum Wright, anaona kuti anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu akachuluka, khalidwe lililonse la pulogalamuyo, ngakhale limene eni ake sanalonjeze, limapeza wina wolidalira. Nthawi zina ngakhale cholakwika chenichenicho chimakhala kuti wina anamangirapo pulagini yake. Eni ake akakonza cholakwikacho, kwa iwo ndi chitukuko, koma kwa uja wa pulagini ndi maliro.

Tione chitsanzo chimodzi mofatsa, chifukwa chimakhudza mawebusaiti ambiri, a kuno kwathu omwe. WordPress inayamba mu 2003, ndipo anaiyambitsa ndi Matt Mullenweg ndi Mike Little. Lero mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera WordPress, ndipo m'nkhokwe yake muli mapulagini aulere oposa 50,000. Pa 11 August 2020 kunatuluka WordPress 5.5. Anthu anadina batani la apudeti monga mwa nthawi zonse, kenako anayamba kuona zachilendo. Ukadina menyu, siitsika. Zithunzi zimene zinkasinthana pamwamba pa tsamba zangoima pa chimodzi. Ukafuna kuika chithunzi m'nkhani, batani likungokuyang'ana. Webusaiti ikuoneka yamoyo, koma manja ndi miyendo zauma.

Chinachitika n'chiyani? Mapulagini ambiri a WordPress amagwiritsa ntchito chida china chotchedwa jQuery, chimene John Resig anatulutsa mu 2006. M'kupita kwa zaka, eni ake a jQuery anachotsa malamulo ena akale. Mwachitsanzo, lamulo lina lotchedwa live analichenjeza mu 2011 kuti anthu asiye kuligwiritsa ntchito, ndipo mu January 2013 analichotseratu. Kuti zakale zisafe nthawi imodzi, anapanga kachida kena kotchedwa jQuery Migrate, kamene ntchito yake inali kumva lamulo lakale n'kulimasulira m'njira yatsopano mwakachetechete. WordPress inanyamula kachida kameneka kwa zaka zambiri. Mu 5.5 inasiya kukayatsa, pokonzekera kusamukira ku jQuery yatsopano.

Tamvetsani bwino apa, omvera. Mapulagini amene anagwa mu August 2020 sanayambe kudwala mweziwo ayi. Ena anali akuyendera malamulo amene anachotsedwa zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, kungoti panali womasulira amene ankabisa matendawo. Apudeti inangochotsa womasulirayo. A WordPress anatulutsa pulagini ina yapadera, Enable jQuery Migrate Helper, yobwezeretsa kachida kaja kwa kanthawi kuti anthu apumeko, ndipo mu December chaka chomwecho WordPress 5.6 inabwera ndi jQuery 3.5.1. Mapulagini amene eni ake anali maso anakonzedwa m'masiku ochepa. Amene eni ake anawasiya kalekale anangofera pomwepo. Ine ndimaona kuti apa m'pamene pagona nkhani yonse: funso loyamba si loti apudeti ndi yabwino kapena yoipa, koma loti kodi kuseri kwa pulagini yanuyo kukadali munthu wamoyo amene akuisamalira?

Choseketsa n'chakuti WordPress 5.5 yomweyo ndi imenenso inabweretsa batani loti mapulagini azidziapudeta okha. Mankhwala ndi nthenda zinafika m'phukusi limodzi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Nthawi zina eni pulogalamu amadula dala, akudziwa bwino kuti anthu alira. Firefox inatchuka kwambiri chifukwa cha ma extension ake. M'kachitidwe kakale, extension inkaloledwa kulowa mpaka m'kati mwenimweni mwa browser, kusintha maonekedwe ake onse, kukhudza chilichonse. Mphamvu imeneyi inali yokoma, koma inamanga manja a Mozilla, bungwe limene limapanga Firefox. Akangosuntha kanthu kamodzi m'katimo, ma extension ambirimbiri ankasokonekera. Ankafuna kuti browser izigawa ntchito yake m'zigawo zingapo kuti tsamba limodzi likauma lisaumitse onse, koma ma extension akale ambiri sankagwirizana nazo. Komanso extension yoipa inali ndi mwayi wofika paliponse.

Mu August 2015 Mozilla inalengeza kuti isamukira ku njira yatsopano yotchedwa WebExtensions, yofanana kwambiri ndi ya Chrome. Pa 14 November 2017 inatulutsa Firefox 57, imene anaipatsa dzina loti Quantum, ndipo kuyambira tsiku limenelo ma extension akale onse analeka kugwira ntchito. Browser inakhaladi yothamanga kuposa kale. Koma zina zokondedwa, monga Classic Theme Restorer, sizinathekenso kuzilemba m'njira yatsopano, chifukwa zitseko zimene zinkalowera zinatsekedwa. DownThemAll, imene anthu ankakopera nayo mafayilo ambiri nthawi imodzi, inadzabwereranso mu 2019 koma itachepa mphamvu. Amene sanafune kusintha anakakamira kaye Firefox 52 ya mtundu wa ESR, imene imasintha pang'onopang'ono ndipo anaipangira maofesi ndi masukulu, mpaka thandizo lake linatha mu September 2018. Ena anasamukira ku Waterfox ndi Pale Moon.

Apa chenjezo linaperekedwa zaka ziwiri kusinthaku kusanachitike, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Ineyo Mozilla sindiiimba mlandu waukulu.

Nkhani ya Chrome ndi yosiyanako. Google inabweretsa malamulo atsopano a ma extension otchedwa Manifest V3. M'malamulo akale, extension yotsekereza zotsatsa malonda inkatha kuona pempho lililonse limene tsamba likutumiza, n'kuganiza yokha kuti ili lidutse, ili lisadutse. M'malamulo atsopano, extension imapereka kwa Chrome mndandanda wa zoti zitsekedwe, ndipo Chrome ndi imene imatseka, komanso mndandandawo uli ndi malire. Google imati izi zimateteza anthu, chifukwa extension yoona zonse ikhozanso kuba zonse. Mfundoyi si yabodza. Koma bungwe la Electronic Frontier Foundation la ku America ndi ena ambiri anatsutsa, ndipo anthu sanaiwale kuti ndalama zambiri za Google zimachokera ku zotsatsa malonda zomwezo.

Mu 2024 Chrome inayamba kuzimitsa ma extension a malamulo akale, ndipo mmodzi mwa ogwa anali uBlock Origin ya Raymond Hill, imene anthu mamiliyoni ankagwiritsa ntchito. Hill anali atatulutsa kale ina yopepukirapo, uBlock Origin Lite, yotsatira malamulo atsopano, koma ilibe mphamvu zonse za yoyambayo. Pa Firefox yoyambayo ikugwirabe ntchito. Kwa ife amene timagula bandulo ya intaneti mowerengera, nkhaniyi si yakutali. Kanema wotsatsa malonda amene amadziyatsa yekha pambali pa tsamba amadya data yanu, osati ya kampani. Onaninso kuti pulagini iyi siinali yosiyidwa. Mwini wake anali maso ndithu. Kungoti amene ali ndi nsanja ndi amene amalamula, ndipo nthawi zina zofuna zake si zofuna zanu.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tilowe m'situdiyo, kwa achimwene ndi achemwali amene mumapanga mabiti. Mapulagini ambiri a nyimbo amatsatira njira yotchedwa VST, imene kampani ya Steinberg ya ku Hamburg, eni ake a Cubase, inayambitsa mu 1996. Kuno vuto lalikulu lakhala la 32-bit ndi 64-bit. Pulagini yolembedwera 32-bit siingalowe mwachindunji m'pulogalamu ya 64-bit; pamafunika kamlatho pakati. FL Studio ili nako kamlatho kake, koma Cubase 9 mu 2016 inasiyiratu kulandira mapulagini a 32-bit, ndipo Ableton Live 10 mu 2018 inatuluka ya 64-bit yokha. Apple nayo mu October 2019 inatulutsa macOS Catalina, imene inakana mapulogalamu onse a 32-bit, moti makampani ambiri opanga zida za nyimbo anauza makasitomala awo kuti adikire kaye, asathamangire apudetiyo. Chitangotha chaka, mu November 2020, Apple inatulutsa makompyuta a chipu yakeyake ya M1, ndipo mapulagini anafunika kulembedwanso kapena kudalira womasulira wina wotchedwa Rosetta 2.

Mmene zimaonekera pamaso pa polodyusa ndi motere. Woimba wabwera kudzamaliza nyimbo imene anayamba chaka chatha. Mukutsegula pulojekiti, ndipo pakutuluka kabokosi konena kuti pulagini yakuti siikupezeka. Mukudina kuti ipitirire. Ng'oma zikulira, mawu a woimba alipo, koma besi kulibe. Manotsi ake onse akuoneka pa sikirini, koma chida chimene chinkawaimba chapita, pamodzi ndi machunidwe onse amene munataya nawo usiku wathunthu. Mungapeze pulagini ina ya besi, inde, koma kamvekedwe kaja simukabwezeretsanso ndendende. N'chifukwa chake mapolodyusa ozindikira, akamaliza nyimbo, amatulutsa chida chilichonse pachokha ngati fayilo ya WAV n'kusunga. Mawu ojambulidwa sasamala kuti kompyuta ili pa apudeti iti.

Ndinenepo mawu amodzi pa mapulagini okuba, aja timati a crack, chifukwa tisanamizane, ali ponseponse, m'masitudiyo ndi pa mawebusaiti pomwe. Kusiya nkhani ya mavairasi amene amabisalamo, pulagini yotere siilandira apudeti kuchokera kwa mwini wake. Imakhala yosiyidwa kuyambira tsiku limene mwaiika. Pulogalamu yaikulu ikadzangosuntha, yoyamba kugwa ndi imeneyo, ndipo mulibe koti mukadandaule.

Mwina wina akumvetsera akuti, "Basi, ine maapudeti ndatseka, zikhale momwemo." Pepani bambo, pepani mayi, njira imeneyo ndi yoopsa kuposa. Maapudeti ambiri amabwera kudzatseka mabowo amene akuba a pa intaneti atulukira. Mu March 2017 Microsoft inatulutsa apudeti yotseka bowo lina mu Windows. Ambiri sanaiike. Pa 12 May chaka chomwecho vairasi ya WannaCry inalowera pabowo lomwelo, n'kumanga makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150. Ku Britain zipatala za NHS zinabweza odwala ndi kuimitsa maopaleshoni. Ndipo pa WordPress, mabowo ambiri amene amapezeka sakhala mu WordPress mwenimwenimo, amakhala m'mapulagini. Kukana apudeti pofuna kuteteza pulagini yakale ndiye kusunga zofooka ziwiri m'malo mwa chimodzi.

Ndiye tichite bwanji? Choyamba n'kudziwa zimene muli nazo. Anthu ambiri osamalira mawebusaiti anachita kulandira kwa wina amene anachoka, ndipo sadziwa kuti m'katimo muli mapulagini angati. Tsegulani muwerenge. Imene simukuigwiritsa ntchito ichotseni, osangoizimitsa. Pa zotsalazo, pitani pa tsamba la pulagini iliyonse m'nkhokwe ya WordPress. Pambali pamalembedwa Last updated, kusonyeza nthawi imene mwini wake anaikonza komaliza, ndi Tested up to, kusonyeza WordPress yomaliza imene anaiyesa nayo. Ikakhala kuti siinayesedwe ndi matulutsidwe akuluakulu atatu omaliza, pamwamba pamabwera chenjezo. Mukaona kuti papita zaka ziwiri mwini wake ali zii, ndipo anthu akufunsa mafunso popanda woyankha, yambani kufunafuna ina lero, zinthu zikadali bwino.

Manambala a apudeti nawonso amalankhula. Olemba mapulogalamu ambiri amatsatira dongosolo limene Tom Preston-Werner, mmodzi mwa oyambitsa GitHub, analemba: manambala atatu, monga 2.4.1. Yomaliza ikasintha, angokonza zolakwika. Yapakati ikasintha, awonjezera zatsopano popanda kuphwanya zakale. Yoyamba ikasintha, kuchoka pa 2 kupita pa 3, akukuuzani poyera kuti zina zakale zisiya kugwira. Koma chenjerani, si onse amatsatira. Kwa WordPress, kuchoka pa 5.4 kupita pa 5.5 ndi kusintha kwakukulu, monga taonera. Chrome ndi Firefox amatulutsa nambala yatsopano pafupipafupi, moti nambala payokha siikuuzani zambiri. Muyenera kuwerenga zimene alemba kuti zasintha. Apudeti yotseka bowo la chitetezo iikeni msanga. Apudeti yaikulu yobweretsa zatsopano mutha kuidikira masiku angapo, kuti olemba mapulagini ayambe aipeza.

Musanadine batani, sungani bakapu, mafayilo ndi database yomwe, ndipo muisunge kwina osati pa seva yomweyo. Makampani ambiri osunga mawebusaiti amalola kupanga kope yoyeserera, imene amati staging. Yesani kaye pamenepo. Apudetani pulagini imodzi, muone ngati fomu ikutumiza, menyu ikutsika, tsamba likutseguka pafoni, kenako ina. Mukaapudeta khumi nthawi imodzi china n'kufa, simudziwa wolakwa. Nthawi nayo muisankhe. Osaapudeta webusaiti ya sukulu tsiku limene makolo akufuna kuona zotsatira, osaapudeta kompyuta ya situdiyo chimbale chili pakati, ndipo osayamba apudeti ya Windows batire ili pang'ono magetsi asakudalirika. Muyang'anenso PHP, chinenero chimene WordPress imayendera. PHP 8.0 itatuluka mu November 2020 inayamba kukana zolakwika zina zimene yakale inkangozinyalanyaza, ndipo kampani yosunga webusaiti yanu ikhoza kuisintha inu osakhudza kanthu. Imelo zawo muziwerenga.

Zikaphwanyika ndithu, musanjenjemere. Nthawi zambiri zolemba zanu ndi zithunzi zili bwinobwino. Kuyambira WordPress 5.2, mu May 2019, pulagini ikagwetsa webusaiti, WordPress imatumiza imelo kwa woyang'anira, yotchula pulagini yolakwayo, ndi linki yolowera mwapadera kuti mukaizimitse. Koma imeloyo imapita ku adiresi imene inalembetsedwa, ndiye onetsetsani lero kuti si ya munthu amene anachoka pabungwe lanu zaka zitatu zapitazo. Imelo ikapanda kufika, lowani m'mafayilo a webusaiti kudzera ku cPanel ya kampani yosunga webusaiti yanu, mupite mu foda ya wp-content, kenako plugins, musinthe dzina la foda ya pulagini imene mukuikayikira. WordPress ikalephera kuipeza imaizimitsa yokha, webusaiti n'kudzuka. Pa browser, zimitsani ma extension onse, muziyatsa imodziimodzi mpaka vuto libwerere. Mukampeza wolakwa, lemberani mwini wake, mutchule nambala ya pulogalamu, nambala ya pulagini ndi zimene mukuona. Ngati pulaginiyo imakupezetsani ndalama ndipo ili ndi mtundu wolipira, ganizirani zolipira, chifukwa ndalama imeneyo ndi imene imasunga munthu uja pampando wake kuti apudeti yotsatira idzapeze pulagini yanu itakonzeka.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakamba za bakapu: kumene mungaisunge, kangati, ndi mmene mungayesere ngati ingabwezeretsedi zinthu zanu. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)